Mbalame Imene Ndinaisambitsa ku Kacholola

Amene akuti ndimanama aimilile, ndimuone nkhope. Palibe? Ndiye khalani chete, chifukwa ine nyanja yamchele sindinaionepo, koma mbalame yake ndinaisambitsa ndi manja awa.

Chinali chaka chimene akabawi anatimalizila anapiye kwathu ku Kacholola. Akazi anga, amake Tisa, anali atanena kale kuti, "Atate ake Tisa, mwanapiye wina akangopita inu muli khale pampando, ine ndikwela basi kubwelela kwathu ku Kaumbwe." Amayi aja sabweleza mawu.

Sabata yomweyo kunaomba chimphepo chochokela ku Mozambiki, ndipo chinabwela ndi chimbalame chakuda, cha mchila wa mphanda, mapiko ake kuyambila pa denga langa kukafika pa msika wa nthochi ku Nyimba, moti chimanga cha anthu a pakatipo chinachedwa kuuma chifukwa cha mthunzi. Miyezi itatu sichinatele pansi. Chinkagona m'mwamba momwemo chikuuluka, diso limodzi lotseka, lina likuyang'ana pabwalo panga, mkonono wake ukugwetsa mango osapsa. Mukumva?

Kusaka chokha sichinkafuna, ntchito yake inali kulanda. Kabawi akangonyamula mwanapiye, icho chinkamuthamangitsa, kumugwila mchila, kumugwedeza mpaka ataye, ndipo pozolowela nsomba, nkhuku sichinkadya, chinkangozisiya zigwe. Kabawi wina chinamugwedeza kwambili moti anasanza anapiye amene anawameza chaka chathacho, ndipo anafika pansi ali misoti, winanso anaikila dzila asanatele. Amake Tisa anamasula katundu wawo amene anali atamanga kale.

Tsiku lina chinatela pa mlambe wa m'mbali mwa msewu, n'kutupitsa thumba lofiila la pakhosi kuitana mkazi wa mtundu wake, thumba lake lalikulu moti mabasi a ku Lusaka anaima poyesa kuti kutsogolo kuli ngozi. Mkazi sanabwele. Ndinamva chisoni, komanso manyazi anandigwila. Mlendo wandisungila banja miyezi itatu, ine osamupatsa madzi osamba? Kwathu chimenecho ndi chipongwe. Ndinatenthetsa dilamu lathunthu, n'kuthilamo mchele wonse wa m'nyumba kuti chikumbukile kwawo, n'kukwela mlambe uja dilamu lili pamutu, n'kuchikhuthulila lonse.

Nthenga zake zinamwa madzi ngati bulangete, ndipo chinagwa phi pamsewu. Dalaivala wina wa thilaki yochokela ku Beila anatsika atagwila kukamwa.

"Bambo, mwatani? Mbalame iyi imakhala pamwamba pa nyanja moyo wake wonse, koma m'madzi silowa. Nthenga zake zilibe mafuta."

Ndinamuyankha kuti za kwawo sindizidziwa, kuno mlendo amasamba.

Tinachiyanika masiku atatu, amuna makumi awili phiko lililonse, magalimoto akudutsa kunsi kwake. Chitauma sichinatsanzike. Chinangondiyang'ana ndi diso lija, n'kulowela kum'mawa. M'mawa mwake kabawi anabwela, anatenga mwanapiye ine ndili pampando, pajatu msana unali ukuwawa ndi dilamu lija.

Amake Tisa ali ku Kaumbwe mpaka lelo, ndipo ndimawasowa, sindibisa. Kumeneko amauza anthu kuti anandisiya chifukwa cha ulesi ndi bodza. Koma inu mwamva nokha kuti ndi madzi aja.