Zitseko za Afalansa pa windo la ku Swords

Ine ndamanga nyumba zaka zambiri kuposa zimene mkamwini wanga wakhala ndi moyo, koma m'nyumba mwake muno mu Swords, tawuni ya kuno kwa azungu, sandilola ngakhale kusintha babu. Akuti inshuwalansi. Munthu woti sadziwa kuti hamala amaigwira mbali iti, koma pakamwa inshuwalansi.

Chuma cha dziko lino chitagwa chagada, mkamwiniyo anamudula masiku a ntchito ku eyapoti, ndiye mwana wanga Esinati, amene ndi nesi, anati tipeze munthu wa lendi. M'mwamba muli chipinda changa chachikulu, ndi kena kakang'ono koyang'ana kumsewu, koti ukayetsemula mphuno imagunda khoma. Anagamula kuti kakang'onoko kakapanda kupeza munthu abwereketsa changa, ine n'kusamukira m'kabokosimo. Mwana wobereka ndekha, kugamula ine ndili pomwepo ndikumwa tiyi.

Ndinati chabwino, ndikakongoletsa mpaka anthu azikalimbirana.

Nzeru ndinaitola m'sitolo ya chakudya ya mayi wina wa ku Vietnam, mmene ndimakonda kuothera kutentha poti kwathu hita amaiwerengera. Pakhoma pali kalendala ya zithunzi za kwawo, tawuni ya kumapiri yotchedwa Da Lat. Nyumba za madenga osongoka, machumuni, mitengo ya paini, ndipo pa windo lililonse zitseko ziwiri za matabwa zobiriwira. Chizungu cha mayiyo n'chothyokathyoka, changa n'chopunduka, choncho timamvana bwino. Anandiuza kuti Afalansa anamanga tawuniyo pothawa kutentha kwa kuchigwa, ndipo lero anthu amalipira ndalama kuti angokagonamo.

Zitseko zomwezo ndinazionapo kumapiri a ku Dedza, pa nyumba ya ansembe achifalansa imene ndinasenzera njerwa ndili mnyamata. Ndiye ngati anthu amakwera ndege kukagona kuseri kwa zitseko zotere, angakane bwanji za pa Swords pompano, pofika pa basi?

Mayiyo anandipatsa mapaleti akale, matabwa aja osanjikapo katundu. Makwerero ndi penti wobiriwira ndinabwereka kwa neba, amene kampani yake yomanga inatseka. Ndinapala matabwa mobisa kuseri kwa nyumba, ndipo tsiku limene mlendo ankabwera kudzaona chipinda, Esinati ali kuntchito, mkamwini atapita kukamutenga pa siteji, ndinakwera n'kukhoma zitseko ziwiri kunja kwa windo la kachipindako. Mahinjesi ndinawabisa mkati kuti mbala isamasule. Ndinaikanso kampiringidzo kachitsulo kogwa kokha zitseko zikakumana. Nditatsika n'kuima pamsewu, abale, ndinadziombera m'manja. Falansa weniweni, pakati pa nyumba zotuwa zofanana ngati mabokosi a machesi.

Ndinathamangira m'chipindamo kuti ndiyese kutseka. Ndikankhe windo, latsekukira kunja, latchinga zitseko. Nditseke windo, dzanja lilibe potulukira. Ndinadzamva pambuyo pake kwa mayi uja kuti mawindo a Afalansa amatsekukira mkati, ndiye umangotulutsa mkono n'kukoka zitseko. Ine ndikanadziwira kuti? M'nyumba ya ansembe ija ife osenza njerwa tinkalekezera pakhonde. Ndinaidziwa kunja kokha, monganso pa kalendala.

Munthu wanzeru akanasiya zitsekozo chitsekulire. Ine ndinafuna ndione mmene zikuonekera zikatsekedwa. Ndinakweranso makwerero, ndinazikankha, ndipo ndinamva kampiringidzo kaja kakuti khwa.

Tsopano taganizani. Kampiringidzo kali pakati pa galasi ndi matabwa. Kunja sungakafike. Mkati windo silingatseguke poti likugunda zitseko. Ndinalowa m'chipinda kukaona, mdima wake ngati m'mimba mwa ng'ombe, pamene pa chikalata cholengeza mkamwini analemba kuti chipinda chowala.

Ndinatenga mpeni wa buledi, wautali uja, n'kukweranso kuti ndiupise pampata wa zitseko ndinyamule kachitsuloko. Ndili kalikiliki, diso limodzi nditaligunditsa pa mpata, sindinamve n'komwe galimoto ikuima kumbali kwa nyumba. Analowera khomo la kukhitchini. Ndinangoona getsi layaka m'chipindamo, mkamwini akulowa ndi mtsikana wachizungu wa kuyunivesite ya ku Drumcondra.

“Masiku onse muno mumawala,” anatero mkamwini m'Chizungu.

Mtsikanayo anayandikira windo kuti aone chatchinga n'chiyani. Anaona mpeni ukukwera ndi kutsika kuseri kwa galasi, pamwamba pake diso lofiira la nkhalamba. Ine pofuna kumukhazika mtima pansi ndinati, “Halo.”

Mfuu umene anakuwa unandidzidzimutsa, phazi linaterereka, makwerero n'kupita okha. Ndinagwira pamwamba pa zitseko n'kutsala lendelende, miyendo ikupalasa njinga m'malere, thalauza likutsika pang'onopang'ono ngati mbendera ya maliro. Mpeni ndinauluma kaye, koma mano anga ndi oikirira. Unagwa nthawi yomwe mtsikanayo ankatulukira khomo lakumaso, n'kuzika mu mphika wa maluwa pafupi ndi phazi lake. Mano anatsatira.

Sanadikire basi. Ndikukhulupirira kuti ku Drumcondra anafika wapansi.

Mkamwini anatuluka, anandiyang'ana, anayang'ananso maneba amene anali atadzaza m'mawindo mwawo, otsekukira kunja onsewo.

“Bambo, kodi muli bwanji kumeneko?”

“Bweretsani makwerero, inu, moni tipatsana pansi.”

“Ndimati mwina mukadali pa ntchito.”

Chimene chimandiwawa n'chakuti zitsekozo zinanyamula munthu wamkulu wathunthu, msomali ngakhale umodzi osasuntha, koma palibe anayamikira. Madzulo Esinati anangoti, “Adadi, pentiyo mukasambe,” n'kukasekera kubafa, madzi atatsegula kuti ndisamve. Ndinamva.

Ndinawauza kuti andipatse chitsulo ndigumule zitsekozo. Mkamwini anapinda manja mwaulemu, ulemu wake wonyoza uja.

“Ayi bambo, tingachotse pulasitala wa khoma. Komanso ntchito ya mmisiri saiononga. Muyenera kugonamo ndinu, amene mukudziwa ubwino wake.”

Chipinda changa chinapeza munthu sabata yomweyo, mnyamata wa ku Chipata wogwira ntchito yosamalira okalamba. Amayala miyendo pa dzuwa langa, ndipo tikakumana pa masitepe amandifunsa ngati ku Falansa kwacha. Ndimamuyankha kuti sindikudziwa, ndatulukira zomwezo. Mukadzandionanso ndanyamula hamala m'dziko la eni, mundilande, ndipo musamvere zimene ndidzakuuzeni za luso langa.