Chinepali Changa Chinaliza Mwana

Nkhani iyi ndikaikumbuka ndimayamba kuseka, koma kusekako sikufika patali.

Ndine gadi kuno ku Doha. Mayi a kunyumba, Sunita, ndi a ku Nepal, amagwira ntchito ku hotela. Mwana wathu Chisomo tinakamusiya kwa agogo ake ku Nepal ali ndi zaka ziwiri, poti kumalo ogona antchito salola ana. Pano ali ndi zaka zisanu, ndipo Chichewa sadziwa n'kamodzi komwe. Pa foni amacheza ndi mayi ake, ine n'kumangogwedeza mutu kumbuyo ngati gulo.

Ndiye ndinati basi, ndiphunzire Chinepali. Mphunzitsi wanga anali Bishnu, mnzanga wa ku Nepal amene timalondera naye geti ku Al Thumama. Mwezi wathunthu ndinkaloweza timawu tiwiri tokha, toti "mwana wanga wamkazi" ndi "wadya mpunga?" (kwawoko moni wake ndi ameneyo). Bishnu ankandichenjeza kuti, "Bulaza, tulutsa mpweya! Chhori, osati chori." Ine ndinkati za ziii, ine munthu wosiyanitsa kucha ndi kutcha, angandiphunzitse mpweya ndani?

Tsiku lobadwa Chisomo linagwa Lachisanu, tonse tili pa ofu. Ndinasita shati, n'kumeta ndevu (ngati kuti mwanayo andigwira chibwano). Sunita anaimba vidiyo, agogo n'kumukhazika mwana pamiyendo, atavala diresi yachikasu imene tinatumiza.

Ndinakonza kukhosi. "Namaste, mero chori!"

Agogo anaphulika kuseka mpaka foni kuloza kudenga. Sunita anandinong'oneza kuti, "Mwanena kuti moni umbava wanga."

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ayi, ndinati ndiwombole mbiri ndi mawu achiwiri aja. Mpunga amati bhat. Ine pakamwa panatuluka bhut. Ndipo ndinakweza mawu, maso tong'o, kuti amve bwino.

Mwana anandiyang'ana, kenako kulira kwake! Kani ndinali nditamufunsa ngati wadya mzukwa. Tangoganizani, bambo wachilendo wamawu aakulu akukufunsa za mizukwa pa tsiku lako lobadwa.

Agogo anamutonthoza. Atakhala chete, mwanayo anabisa nkhope m'chitenje chawo n'kulankhula chapansipansi. Kuseka konse kunathera pomwepo. Sunita anayang'ana kukhoma.

"Wati chiyani?" ndinafunsa.

"Palibe. Watopa basi."

"Mayi a Chisomo, ndiuzeni."

Anapumira m'mwamba. "Akufunsa kuti ankolo awa achoka nthawi yanji, akufuna alankhule ndi ine."

Ndinamwetulira, n'kumubayibitsa, n'kupereka foni. Ndinatuluka panja dzuwa likuswa mtengo, ndinakaima kuseri kwa nyumba kumene makina oziziritsa mpweya amalira, kuti asandimve. Chimene Sunita sankadziwa n'chakuti ndinafunsa dala. Mawu oti ankolo ndinali nditawamva ndekha, safuna womasulira.

M'mawa mwake Bishnu anandifunsa akumwetulira, "Zinayenda?"

Ndinamuuza zonse. Pa za mzukwa anaseka mpaka kugwira geti. Pa za ankolo anavula kapusi n'kukhala pansi. Kenako anati, "Mwana wanga wamwamuna amandiitana choncho, bulaza. Ndipo ine Chinepali ndimachidziwa chonse."

Galimoto inaliza hutala kuti titsegule. Titatseka ndinatulutsa kakope kanga.

"Tiye," ndinatero, "ndiphunzitse kunena kuti ndine bambo ako."