Tsiku limene ndinapha mikango ya madamu

Nkhani iyi ndaibisa zaka zambiri. Lero ndiiulule, mundiseke kamodzi zithe.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ya m'nyumba kwa mayi Gondwe, Mmalawi mnzanga, ku Upper Hill, kudziko la eni. Lachitatu lililonse ndinkapita kusukulu ya kwacha kutchalitchi. Aphunzitsi ankandidzudzula kuti, "Anachisale, werengani mawu, musamangothamangira zithunzi!" Ine nthawi imeneyo ndiitenge kuti?

Tsiku lina madamu anabwera ndi masipuni akale khumi ndi awiri, akuda bii, amene anawasiyira mzungu wina wokalamba pobwerera kwawo. Anabweranso ndi chibuku chonenepa.

"Awa mwina ndi siliva weniweni," anatero. "Loweruka kubwera Mzee Kamau, katswiri wa zinthu zakale, adzawaone ndi bukuli. Mungowapukuta fumbi, please."

Fumbi lokha? Mlendo apeze ziwiya zakuda m'nyumba yogwira ine? Kwathu mkazi amadziwika ndi kuwala kwa mapoto ake!

Ndinatsegula buku lija. Zithunzi zonse masipuni ali mbee. Mawu ndinawalumpha. Ndinatenga phulusa, mchenga ndi sitiliwulo, n'kukhala pansi miyendo tambalale.

Kuseri kwa sipuni iliyonse kunali timaenje ting'onoting'ono todzaza litsiro. Phulusa linalephera. Ndinakwera matatu, minibasi ya kumeneko, kukagula sandipepa ku Eastleigh. Ndinakwecha mpaka timaenje tonse tinafafanizika. Imodzi yokha, yopindika, ndinaiona kuti si yoonetsa alendo. Ndinaisandutsa yopakulira chakudya cha galu.

Loweruka Mzee Kamau anafika, kagalasi kokuzira zinthu kali m'manja. Ine ndinaima pakhomo, kudikira kuyamikiridwa.

Anatembenuza sipuni yoyamba. Yachiwiri. Yachitatu. Anapukuta kagalasi kaja, n'kuonanso.

"Mama, mkango uli kuti?"

"Mkango wanji?" anafunsa madamu.

Mzee anatsegula buku, n'kuloza kachithunzi ka mkango wokweza phazi, kachisoti ndi kachilembo. Anafotokoza kuti tizizindikiro timeneti ndi timene timanena kumene sipuni inapangidwa, chaka chake, ndiponso ngati ili siliva weniweni. Popanda ito, buku silingathandize kanthu.

Madamu anatembenuka pang'onopang'ono.

"Anachisale?"

"Madamu, ine sindinaonepo mkango. Ndinaona litsiro."

"Oh my God! Mwakwecha mikango yonse? Mawa mulongedze katundu wanu!"

Ana anga awiri ku Ntcheu ankadya ntchito yomweyi.

Mzee Kamau anawerenga masipuni. "Pole, pepani mama. Koma pano alipo leveni. Ina ili kuti?"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinatuluka, n'kubwera ndi sipuni yopindika ija, ikununkha utaka wa galu. Galuyo ananditsatira mpaka pabalaza, akugwedeza mchira, kulondola chuma chake.

Mzee anaipukuta ndi mpango, n'kuika kagalasi.

"Simba uyu, mkango uja! Siliva weniweni! Ndipo anzakewo ndi a banja limodzi." Anandipatsa kagalasi. "Onani zimene mwapha."

Ndinasuzumira. Kamkango kali phee, pambali pake kachilembo.

"Imeneyi ndi G!" ndinakuwa mosaganiza.

Madamu anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaphulika kuseka mpaka misozi.

"Lero ndiye mwawerenga, Anachisale! Khalani, koma mukathokoze galuyo."

Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti m'nyumba muja munapulumuka chinthu chimodzi chokha: chimene sindinachilimbikire.