Chinkhanira cha m'botolo

Lolemba
Kachipinda ka madesiki othyoka tikukalimbirana anthu awiri: ine ndikufuna labotale ya Bayoloje, ahedi akufuna mosungira matumba awo a mtedza. Komiti ya sukulu igamula Loweruka. Ndiwaonetsa sayansi ndi maso: chinkhanira m'botolo, pambali pa abale ake, kangaude ndi nkhupakupa. Onse miyendo isanu ndi itatu, banja limodzi. Fomu 2 ndaituma kukavundukula miyala.

Lachiwiri
Zimene abweretsa:
zinkhanira zinayi, zonse zosinjidwa ndi mwala;
bongololo;
nkhanu ya kudambo, yowotcha kale, theka wina wadya panjira.
Miyendo ya phala ndiiwerenge bwanji? Akuti, "Kwathu chinkhanira sachisiya chamoyo, sala." Mbuzi za ana!

Lachitatu
Ndachigwira ndekha pansi pa njerwa, chathunthu, mchira uli njo. Ahedi asuzumira: "Kachilombo ngati nyerere basi." Munthu wa digiri ameneyo! Nyerere ili ndi miyendo isanu ndi umodzi, bambo. Chatsala ndi sipiriti wochisungiramo. Magolosale onse a pa Nsaru, palibe.

Lachinayi
Kachasu naye ndi sipiriti. Ndikutuluka kwa Nangozo wotcheza uja, botolo kukhwapa, ndiye gululu amayi a chigwirizano, oyera mbee, akuchokera ku mapemphero. Moni wake wautali, mpaka kunjuta. Maso onse kukhwapa.

Lachisanu
Mbiri yafika kale ku Kabudula. Akuti ndimamwa kuyambira chaka chatha, ndiye chifukwa chake ndimayankhula ndi miyala. Mayi a kunyumba andiikira madzi osamba, nkhope atayang'ana kumbali. Kachasunso amene ndamizamo achibale atatu aja ndi wothira madzi! Chinkhanira chatupa, kangaude wathothoka miyendo iwiri. Tsopano watsala ndi isanu ndi umodzi ngati nyerere, akugwirizana ndi ahedi. Ndakwiya zedi.

Loweruka
Komiti yakhala. Ndikufotokoza bwinobwino: zamoyo zili ndi magulu, gulu lili ndi mabanja, chinkhanira si m'bale wa nyerere ayi. Apampando a Chimbalanga, amenenso ndi mkulu wa mpingo wathu, sakuyang'ana miyendo. Atsegula botolo, anunkhiza, apatsira mnzawo. Lazungulira tebulo lonse.
"Zachibalezo tamva, aphunzitsi. Nanga achibale atatu okhawa ndi amene afikitsa botololi pakati?"
Kachasuyo anatayikira m'chikwama! Ndani akumva? Manja onse m'mwamba: mtedza.

Lamulungu
Ku tchalitchi alengeza kuti ndiyambe ndaima kudya mgonero mpaka akuluakulu andimve. Ndakhala benchi yakumbuyo, pamodzi ndi amitala. Potuluka ahedi andigwira dzanja mwachifundo, akuti pepani, mayesero amagwera aliyense. Kenako apempha kuti mawa, piriyodi ya Bayoloje, Fomu 2 ikawatutire matumba. Ndavomera. Kiyi wa kachipindako ali ndi ine, ndiye ndidzafunika kulawira.