Chimene Chidawoletsa Kachewere Wanga

Lolemba
Woyankhula ndine, wolemba ndi Esinati, mwana wanga wa ku koleji. Lemba bwino pamenepo: wa ku koleji. Alangizi akuti amene akufuna mbewu yatsopano ya kachewere abweretse kalata Lolemba likubwerali, yonena chifukwa chimene wa chaka chino adawolera. Mbewu ndilibe. Koma kalata ndi ntchito yochepa!

Lachiwiri
Masamba atatu odzaza! Tsiku lobzala, khasu limene lidaguluka, maliro a ku Kasinje, fungo la munda mbatata itawola. Esinati akuwerenga, kenaka akuti, "Bambo, apa mwangosimba nkhani. Kusukulu zotere amatibwezera. Chifukwa chake chili pati?" Mwana amene ndidamuphunzitsa kuyankhula ndine!

Lachitatu
Chifukwa chapezeka: mvula idachuluka. Ndakhala pansi mtima uli m'malo. Esinati akufunsa, "Nanga a Njobvu, mvula yawo idali ina?" A Njobvu ndi amene tidagundana minda. Kachewere wawo akugulitsa pa Nsipe mpaka lero. Ndikupita kukaona mbuzi.

Lachinayi
Zifukwa zatsopano:
mphepo
mfuko
anthu ansanje
Esinati akufuna umboni pa chilichonse. Umboni, ngati kukhoti! Mphepo idaombanso kwa a Njobvu. Mfuko palibe adauona. Ansanje ndikuwadziwa, koma timapemphera tchalitchi chimodzi. Tafufuta zonse.

Lachisanu
Funso la lero: a Njobvu amachita chiyani chimene ine sindichita? Amasintha. Chaka chino kachewere, chaka chinacho chimanga. Ine ndimabzala pamodzimodzi chibwerereni ku Joni, pakuti bambo anga ankabzala pomwepo. Amake Esinati ali pakhonde akusankha nyemba. "Ndakhala ndikunena." Palibe wawafunsa.

Loweruka
Esinati akuti matenda amatsalira m'nthaka, kudikira mbewu yomweyo. Chabwino. Ndikumuuza alembe kuti munda udatopa. "Adautopetsa ndani, Bambo?" Zimenezo usalembe, Esinati. Ndikukuona, ukulemba.

Lamulungu
Kalata yatha. Mizere isanu ndi umodzi yokha, yomveka ngati belu, ndipo wolakwa m'menemo ndi ine. Mwanayu sukulu ikumuthandiza, ndisaname. Ndasayina ndi dzanja langa, pang'onopang'ono. Mbewu mwina atipatsa. Mawa kwa alangizi apita nayo amake Esinati. Ine bondo likundiwawa.