Tsiku limene ndinamwetsa alendo digiri ya mwana wanga

Nkhani iyi ikayambika pagulu ndimanamizira kuti foni yalira. Koma poti kwathu kuno ku Honde aliyense akuidziwa kale, bola muimve kwa mwini manyazi.

Ine ndakalambira m'fakitale ya tiyi. Ntchito yanga inali yolawa: kukoka tiyi pa supuni, fyuu, kumuzunguza m'kamwa, kulavula, n'kunena grade yake. Bambo anga anachoka ku Mulanje kudzathyola tiyi kuno, ndiye ndinkati lilime langali ndi la kumtundu. Kudzitama kwake musanene.

Mwana wanga Tiyamike ali ku yunivesite ku Harare. Research yake ndi yotenga zinyalala za tiyi zimene fakitale imataya, n'kuziwotcha mwaluso mpaka zisanduke timchenga takuda tokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Akuti magetsi amadutsamo bwinobwino, moti tsiku lina tidzapangira mabatire. Atavutika chaka chathunthu, sample imodzi yokha ndiyo inatuluka bwino, ndipo digiri yake inkadalira imeneyo. Anadzera nayo kunyumba popita kukaiyeza ku labu ina ku Mutare. Poopa chinyezi cha kuno, anaitsekera m'chitini chakale cha tiyi n'kuika pamwamba pa kabati. Ine sanandiuze.

Loweruka la sabata yomweyo kunabwera Tendai, mnyamata womufunsira, ndi amalume ake kudzaonekera. Anafika msanga, Tiyamike ndi amayi ake ali kuseri kusosola nkhuku.

"Nanga inu achimwene, mumapanga chiyani?" ndinamufunsa.

"Ndimaphunzira za nyenyezi, baba," anayankha m'Chinyanja chake chothyokathyoka. "Tikaona mtundu wa kuwala kwake timayerekeza kutentha kwake, kukula kwake, ngakhale msinkhu wake. Yofiira ndi yozizirirapo, ya buluu ndiyo yotentha zedi."

Amalume aja anagwedeza mutu monyada, ngati nyenyezizo anazipachika ndi iwo. Nsanje inandigwira. M'nyumba mwanga momwe!

"Zimenezo ndayamba kale ine ndi tiyi, inu musanabadwe," ndinatero. "Ndikangoona mtundu m'kapu, ndikuuzani phiri limene anathyoledwa. Tadikirani."

Ndinalowa kukhitchini ndekha, osaitana munthu. Tiyi wa masiku onse ndinamudumpha, ndinkafuna wodabwitsa. Maso anagwera pa chitini chija. Kutsegula, timchenga takuda bii, tofanana tonse. Ndinati eyaa, kani mayi a Tiyamike amandibisira Dust One, grade yabwino ija ya tiyi wa timchenga! Ndinakhuthulira zonse mu tipoti, chitinicho n'kupita nacho pa tebulo kuti alendo aone.

Fungo panalibe. Munthu wanzeru akanaima pomwepo, koma ine ndinanamizira chimfine.

Tiyi anatuluka wakuda ngati madzi otsukira mbaula. Ndinakoka pa supuni, fyuu! Mano anayamba kukukuta mchenga. Kukoma, zero. Koma alendo anali atanditong'olera maso, kudikira chigamulo.

"Uyu ndi wa export," ndinatero, nkhope ili gwa. "Wa pamwamba pa phiri, kumene kumakhala nkhungu. Fungo lake limabisala, si lilime lililonse lingamumve."

Munthu wodzapempha mbeta angakane tiyi wa apongozi? Tendai anameza, misozi ikulengeza m'maso. "Inonaka, baba," anatero m'chinenero cha kwawo, kuti tiyi ndi wokoma. Amalume, pofuna kuonetsa kuti kwawo kuli mwambo, anamaliza kapu n'kupempha ina! Akamwetulira, mano bii, lilime bii. Ine ndili kalikiliki ndi lecture ya nthaka ndi mvula.

Kenaka Tiyamike analowa ndi beseni la madzi osamba m'manja, n'kugwada. Anaona mano a amalume. Anaona anga. Anaona chitini chili yasa pa tebulo.

"Baba, chitinicho mwachitenga kuti?"

"Pa kabati. Amayi ako amabisa tiyi wabwino."

"Maiwe! Si tiyi ameneyo, ndi sample yanga! Mwamwa digiri yanga, baba!"

Beseni linagwa, madzi m'nyumba monse. Akulira, anafotokoza za timabowo ndi magetsi aja. Amalume anagwira pamimba.

"Nhai mwanangu, wati magetsi amadutsamo? Ine ndamwa makapu awiri! Mphezi za ku Honde kuno, ndifika kwathu?"

Tendai anawatsimikizira kuti ndi makala chabe, safa. Palibe anaseka. Mwana wanga anakhala pansi n'kumakokota matope akuda pansi pa tipoti, misozi ili chuchuchu. Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Ndinagwada, bambo wamkulu ine, n'kupepesa mwana wanga pamaso pa alendo, mano ali bii.

Zimene anakokotazo sizinakwane kuyeza. Anayambiranso, ndipo anzake anavala ma gown iye akuwotchabe zinyalala. Chimenecho chimandiwawa mpaka lero. Matumba a zinyalala zake ndimasenza ndine kuchoka kufakitale mpaka pokwerera kombi ya ku Harare, ndipo sindilola wina kundilandira.

Mwamwayi a kwa Tendai sanathawe. Koma kukomboni kuno magetsi akangothima, mayi wa nyumba yoyandikana nafe amasuzumira pa mpanda, chaja ili m'manja:

"A Mwale! Tayasamulani tichajeko foni!"

Lilime likatchuka, mutu usamapite ku holide.