Mbewa Zanga Zakana Kuzizira

Lolemba
Mbewa zoyera zisanu ndi imodzi zafika mu labu ya pasukulu pano. Zitatu ndizizibaya mankhwala ofooketsa ubongo, zitatu madzi chabe. Buku likuti zamankhwalazo thupi lizizizira. Lamlungu nditumize zotsatira kwa a Dokotala ondiyang'anira ku yunivesite, apo ayi digiri yachiwiri ndiionera chaka chamawa.
A Msiska a Masamu: "Mchewa wayamba kuweta ndiwo." Dzina lawo ndalisunga.

Lachiwiri
Ndabaya m'mawa, ndakaphunzitsa. Pobwera, zamankhwalazo zatentha kuposa zinzake! Okayikiridwa:
1. Themomita yogula kumalire ku Songwe.
2. A Msiska.
3. Dzuwa la Karonga, lomwe silinawerenge bukulo.

Lachitatu
Themomita ndaiyesa m'khwapa mwanga, ilibe mlandu. Mbewa zatenthanso. A Msiska andipatsa moni kawiri. Kawiri! Akubisanji?

Lachinayi
Loko watsopano. Makiyi: ine ndi a Nyagondwe osesa basi, mayi wopemphera, sangayandikire mbewa. Ndawaza ufa pakhomo kuti ndione mapazi a mdani. Pobwera, ufa wasesedwa bwinobwino. Mdaniyu ndi waukhondo.

Lachisanu
Ndalembera a Dokotala kuti mwina ndatulukira zachilendo: mbewa ikafika ku Karonga, ubongo wake umasiya kumvera mabuku. Ayankha: "Yezaninso." Nsanje yafika mpaka ku yunivesite.

Loweruka
Mankhwala omaliza. Ndabaya, ndabisala kuseri kwa kabati, thukuta kamukamu. Loko akutseguka. A Nyagondwe! Lero si tsiku lawo lantchito, koma abwera ndi chitenje komanso botolo la madzi otentha. Akufunditsa zitatu zija ngati odwala malungo. Ndatulukira. Iwo, mosakaniza ndi Chitumbuka chawo:
"Asambizgi, tiwana iti tikuzizidwa, gwirani muone. Kuyambira Lachiwiri nkhuwona ine. Sukulu mwapita, kweni chisoni mulije."
Ati mphunzitsine chisoni ndilibe. Ndagwira imodzi yamankhwala yomwe anali asanaifunditse. Yozizira ndithu. Buku limanena zoona sabata yonseyi, anaona ndi osesa.

Lamlungu
Mankhwala atha, manambala onse ndi a chitenje. Ndawauza a Dokotala. Ayankha: "Tionana chaka chamawa."
A Msiska ndawafufuta pa mndandanda, koma pang'ono, dzina likuonekabe. A Nyagondwe adzera pochokera kutchalitchi kudzazonda odwala awo. Onse atatu achira, akudya gaga. Akuti chitenjecho ndichape ndisanabweze.